Khunyu Lomwe Ndinalibe

Chinayamba ndi mutu wa kunkhongo, m'mwezi wa Ogasiti. Ndinkadzuka nawo m'mawa, ndimvekere ndi utuchi uwu, n'kumwa mapiritsi a pagolosale. Ntchito zanga ndi ziwiri: kupala matabwa kunyumba ku Sunningdale, ndi kukwera machumuni a mafakitale ku Willowvale kukamata ming'alu.

Tsiku lina ndili pamwamba, m'maso munachita chidima, dzanja lamanzere linachita dzanzi. Ndinagwedeza chingwe kawiri, kumene pantchito yathu ndi kunena kuti nditsitseni. Ogwira chingwe anali Bambo Zuze a ku Tete, mnzanga wa zaka zambiri, amene ndinawaphunzitsa ndekha kumanga mfundo.

"Achimwene, izi zithere pompano," ndinawapempha.

"Pakamwa panga mumapadziwa," anatero.

Ndinazengereza milungu itatu, mpaka mayi akunyumba anachita kundikoka kupita kukiliniki. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Namwino anandiyeza kawiri, kenako anati, "Baba, mwayenda bwanji ndi magazi othamanga chonchi?" Ananditumiza kuchipatala chachikulu, komwe ndinagona masiku asanu. M'mawa kuyezedwa, mapiritsi, phala lopanda mchere, kenako kudikira dokotala. Anandiuza kuti ndikanachedwa pang'ono, mbali imodzi ikanafa ziwalo.

Patatha miyezi iwiri dokotala anandilembera kalata yondilola kukweranso. Kapitawo wa pafakitale anaiwerenga, anaipinda, n'kundibwezera osandiyang'ana. Anati Bambo Zuze anawauza kuti ndimagwa khunyu. Ine sindinagwepo chibadwire. Nditakweza maso ndinawaona achimwene angawo pachumuni, atakhala pakampando kanga kokwerera, ka mlombwa, komwe ndinapala ndi manja anga. Zinandiwawa kuposa matendawo, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mbiriyo inafika ngakhale kutchalitchi, moti mayi wina anakana kumwera kapu imene ndinamwera ine.

Pano ndili bwino. Piritsi ndimamwa m'mawa uliwonse, mchere ndinachepetsa, ndipo mwezi ndi mwezi ndimakayezetsa. Dzanja linabwerera, likugwira tchizulo ngati kale. Zitseko ndi makabati ndikupanga, koma pachumuni palibe amene anandiitananso.

Milungu itatu imene ndinkabisa mutu uja ndi imene mnzanga ankayenda m'mafakitale kufalitsa zoti ndimagwa khunyu. Inu mukamva chachilendo m'thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda anu awatchule dzina dokotala, anzanu asanawatchule.