Kanema wa thirakitala anadanitsa amayi ndi ang'ono awo

Inu owerenga, amene anadanitsa amayi anga ndi ang'ono awo ndine, ndipo chida changa chinali Chingerezi cha chaka chimodzi cha kukoleji. Chaka chachiwiri sindinachione. Ine ndi aphunzitsi tinasiyana maganizo pa nkhani ya mayeso.

Ndili khale kwathu kwa Mkhumba, kunabwera anthu a kampani ina yobwereketsa mathirakitala. Anapachika nsalu m'kalasi n'kutionetsa kanema. Munda wake unalibe chitsa, unalibe chulu, unalibe ngakhale mbuzi yoonerera. Thirakitala inkangoyenda ngati bwana, mlimi ali mwee, malaya oyera opanda dontho la thukuta. Mawu anali a Chingerezi, ndiye anthu anati, "Ophunzira ali pompano, atimasulire." Ndinaimirira mwaulemu wonse. Pamene sindinamve ndinkaikapo zanga, ndipo zangazo n'zimene anthu anaombera m'manja.

Vuto linali loti thirakitala sitembenuka m'kamunda kakang'ono. Munda wa amayi unagundizana ndi wa ang'ono awo, malire ake mzere wa nkhadze ndi mtengo wa mango, zimene agogo anadzala pogawa malowo. Ndinawauza onse awiri kuti malire ndi zinthu zachikale. Anandimvera, poti ophunzira alankhula. Nkhadze ndi mango ndinadula ndekha, zitsa n'kuzula.

Thirakitala inabweradi, inagalauza bwino lomwe, n'kumapita. Itakwana nthawi younga mizere, aliyense analoza pake. Amayi akuti mango anali apa, ang'ono awo akuti ayi, anali apo. Anacheukira ine. Ndinayang'ana dothi, linali lofanana ponseponse. Mu kanema muja gawo limeneli munalibe.

Anthu amene ankapalirana nandolo ndi kubwerekana mchere anasiya kupatsana moni, m'tchalitchi momwe. Chaka chotsatira amayi anadwala. Ang'ono awo anabwera atamva mfuu ya maliro. Anagwira bokosi n'kunena kuti, "Achemwali, tengani mizere yonseyo, ine sindikuifuna." Mpaka lero pakati pa minda iwiriyo pali kachigawo kamene palibe amaikapo khasu, pangomera nansongole.

Inu owerenga, makina sindikuwanena, thirakitala inagwira ntchito imene inaitanidwira. Koma akakuonetsani munda wa pansalu, dziwani kuti wojambula anachotsamo abale. Musanazule chilichonse chimene munachipeza chitamera kale, kafunseni amene akudziwa chifukwa chake, akadali ndi moyo.