Kajekete ka Makina Oyeza Mpweya

Mayi Samalani sanabadwe ndi dzina limeneli, linachita kuwamera pakamwa. Kasitomala akabwera kudzatenga diresi, "samalani zipiyo." Mwana akanyamula kapu, "samala iwe." Ngakhale amuna awo akamakhala pampando mawu anali omwewo, ngati kuti pampandopo pali mazira. Mapeto ake mzere wonse wa nyumba zoyang'anizana ndi mtaya wa zinyalala unaiwala dzina lawo lenileni.

Anali telala, ndipo anali munthu wosatha kukhala pansi manja ali lende. Anakulira kwa azakhali awo omwe ankagwira ntchito m'nyumba za anthu olemera, ndipo kumeneko anatolako phunziro limodzi lomwe linawalowa mpaka m'mafupa: chinthu cha mwini umachibweza chili bwino kuposa mmene unachilandirira. Khalidweli linafalikira pa zawo zomwe. M'nyumba mwawo chilichonse chinali ndi chovala chake. Makina osokera anali ndi chovala, ndowa ya madzi akumwa inali ndi chovala, simbi yositira nayonso inkagona itavala. Amuna awo ankati tsiku lina adzadzidzimuka atasokeredwa m'thumba, mutu wokha uli kunja.

Amuna awowo anthu ankawatchula kuti a Wailesi, chifukwa ntchito yawo inali yokonza mawailesi, komanso chifukwa pakamwa pawo panalibe batani lozimitsira. Ankatha kuyamba nkhani m'mawa, kasitomala n'kupita kwawo, n'kubwera madzulo kudzapeza nkhaniyo isanafike pakati. Koma zaka zaposachedwazi chifuwa chinayamba kuwalanda mawu. Ankati akafika pokoma penipeni, amvekere kho kho kho, maso ali psuu, dzanja litagwira khoma.

Chinayambitsa zonsezi chinali kutsidya kwa msewu. Pamene banjali linkamanga nyumba yawo, kumeneko kunali tchire. Kenako khonsolo inabwera n'kunena kuti izitayako zinyalala kwa kanthawi kochepa. Kanthawi ka khonsolo mukukadziwa inu. Ana anabadwa, anakula, anakwatiwa, kanthawiko kakadali kochepa. Mafuta atakwera mtengo, thirakitala yokwirira zinyalala inasiya kubwera, ndipo anthu a khonsolo anapeza njira yotchipa, yomwe ndi machesi. Matayala, mapulasitiki, matewera, zowola za kumsika, zonse zinkapsera pamodzi, utsi wake n'kuwoloka msewu osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Kuchipatala anawauza mosapita m'mbali. Mankhwala alipo, koma munthu sangachire akugona pakamwa pa ng'anjo. Mwana wawo wamkazi, yemwe anakwatiwa kutali kutauni ya kumapiri, anayamba kuimba foni sabata iliyonse.

"Amayi, ababa abwere kuno. Kachipinda kalipo."

"Nanga ine?"

"Amayi, kachipindako mukukadziwa. Bedi limodzi laling'ono, chitseko chimachita kugunda bedilo."

A Samalani ankadziwa kuti mwanayo sakunama. Ankadziwanso kuti makasitomala awo ali kuno, ndipo nyumba yoyang'anizana ndi mtaya palibe angaigule. Choncho nkhani inali poyera: mtaya ukapanda kuchoka, achoka ndi a Wailesi, ndipo anthu awiri omwe sanasiyanepo chikwatirane adzayamba kumalankhulana pa foni ngati apongozi. Zimenezi zinkawaopsa kwambiri.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anapita kwa khansala, khansala anawatumiza ku ofesi, ku ofesi anawatumiza ku ofesi ina ya pamwamba. Nsapato zinatha zidendene. Kalaliki wa kumeneko anawauza kuti nkhani ngati imeneyi imafuna umboni.

"Umboni? Bwerani mudzanunkhize nokha, achimwene."

"Mphuno si umboni, mayi."

Ndiye tangoganizani mmene mtima wawo unadumphira tsiku lomwe galimoto ya ku yunivesite inaima pakhomo pawo. Munatsika mayi wochepa thupi, wovala magalasi, yemwe anati ndi dokotala, koma wa mabuku, osati wa jakisoni. Anafotokoza kuti akufufuza mmene kugwedezeka kwa chuma ndi kayendetsedwe ka makhonsolo zimafikira mu mpweya umene anthu amapuma. A Wailesi anati zimenezo akanangowafunsa iwo, akanawayankha ulere. Dokotalayo anaseka, n'kutulutsa m'chikwama kabokosi koyera mbee, kokula ngati buledi, kokhala ndi timabowo m'mbali ndi kanyale kobiriwira pamwamba.

Anati makina oterewa ali nawo ochepa, ndipo ndi obwereka kwa anzake a kunja. Ena anawaika kusukulu, ena kumsika. Anawonjezera kuti khonsolo yavomera kuona zotsatira zake isanagamule zoti mtaya usamuke kapena ukhale. Anakamangirira kabokosiko pamzati wa pakhonde, n'kulumikiza waya wopita ku kasola kotapa mphamvu ya dzuwa padenga.

"Musavutike nako, mayi. Ingokasiyani, kamadzigwirira kokha ntchito."

A Samalani anagwedeza mutu. Mlendo wakhalidwe amatero nthawi zonse, amati musavutike, koma ndi mwininyumba uti wanzeru amene amamvera zimenezo?

Tsiku loyamba kuwotcha chibwerere kabokosiko, a Samalani anasoka mpendero wa siketi imodzi m'mawa wonse osamaliza. Ankati akapondaponda makina, adzuke, asuzumire pakhonde, abwerere, akhale, adzukenso. Mwaye unkatera pakabokosi koyera kaja pang'onopang'ono, ndipo iwo ankamva ngati ukutera pankhope pawo. Chinthu cha mwini, chobwereka kunja kwa dziko, chomwe chanyamula moyo wa amuna awo, chidetsedwe pakhonde pawo iwo akuona? Nanga chikatsamwa n'kufa, adzati chiyani kwa adokotala? Anakapukuta ndi kansalu. Patapita kanthawi kanadanso, ndipo timabowo tija tinayamba kuchita mizere yakuda.

Madzulo ake anatenga tepi n'kukayeza kabokosiko m'litali, m'lifupi ndi m'chiuno. Anadula khaki wolimba yemwe anatsala pa mathalauza a yunifomu, mkati anaikamo nsalu yofewa ya bulangete la mwana, kumbuyo zipi, pamwamba kawindo ka pulasitiki kuti aziona ngati kanyale kakuyakabe. Kunena zoona, inali ntchito yaukatswiri. Panalibe mpata woti ngakhale nyerere ilowe.

"Mwamuna mnzanga watchena kuposa ine," anatero a Wailesi. "Inetu jekete yanga inang'ambika m'khwapa chaka chatha, palibe akuiyang'ana."

"Inu simunabwerekedwe kunja, abambo."

"Ndiye kuti ndikanakhala wobwereka mukanandisamala?"

"Khalani chete, mutsokomola."

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito ya masiku onse. Utsi ukangoti tolo kutsidyako, a Samalani ankasiya chilichonse, kuthamangira pakhonde, zipi yekete. Utsi ukatha ankakavula, kukapukuta, n'kuchapa kajeketeko. Madzi ake ankatuluka bii ngati achapiramo mphika, ndipo iwo ankawayang'ana monyadira poganiza kuti zonyansa zonsezi zikanalowa m'makina a eni. Dokotala uja anali munthu waulemu, ankayamba waimba foni asanabwere, ndipo ankabwera masiku opanda utsi chifukwa nayenso maso ankamuvuta. Choncho nthawi zonse ankapeza kabokosi kali pambalambanda, kakuwala.

"Inu mumasamaladi zinthu," anatero tsiku lina. "Kusukulu kuja ndinapeza akangaude atamangamo nyumba."

A Samalani anamwetulira tsiku lonse.

Miyezi imeneyo zinthu zinali pendapenda. Ndalama inagwa mphamvu, kenako inagwanso. Ulusi unkagona ndi mtengo wina n'kudzuka ndi wina. Anthu anasiya kusoketsa zatsopano, ankangobweretsa zakale kuti aike zigamba, mpaka thalauza lina linali ndi zigamba zambiri kuposa thalauzalo. Nayenso dokotala anasiya kubwera pa galimoto ya yunivesite. Anayamba kukwera minibasi, kenako ankafika wapansi, nsapato zili mbuu. A Wailesi anali atasiya kukonza mawailesi chifukwa utsi wa mtovu wowotcherera mawaya unkawabanikitsa, ndipo ankangokhala m'chipinda chakumbuyo. Mwana wawo uja sanasiye kuimba foni. Yankho la amayi ake linali limodzi: dikira kaye, umboni ukubwera.

Msonkhano unachitikira mu holo ya khonsolo. A Samalani anafika anthu asanatsegule, amuna awo ali pambali ndi kabotolo ka mankhwala opopera m'kamwa. Bwana wa khonsolo, bambo wa tayi yofiira, anawalitsa pakhoma mizere yosonyeza kuchuluka kwa utsi umene makina aja anayeza. Mzere wa kumsika unali wokwera. Wa kusukulu unali wokwerako pang'ono. Kenako anaonetsa wachitatu, womwe unkangokwawa pansi.

"Uwu ndi wa nyumba yoyandikana kwambiri ndi mtaya," anatero bwanayo. "Mukuona nokha. Mpweya wabwino, makamaka masiku amene timawotcha. Manambala sanama. Vuto ndi maminibasi a kumsika, osati mtaya wathu."

Mu holo munabuka phokoso. Dokotala anaimirira n'kunena kuti zimenezi n'zoyambirira chabe, kuti anawachenjeza kale kuti makina a panyumba imeneyo akuonetsa zosamveka ndipo akufunika kuwaunikanso. Bwana anamwetulira n'kumukumbutsa kuti lipotilo analemba yekha, ndipo chilolezo cha kafukufuku anachipeza polonjeza kuti adzalipereka. A Wailesi anadzuka kuti alankhule. Anangoti "Bwana wapampando," chifuwa n'kuwagwira, anthu n'kuwakhazika pansi. Chigamulo chinali chakuti mtaya ukhala pomwepo.

Mawu aja akuti "makamaka masiku amene timawotcha" anawabaya a Samalani, koma anawakankhira kumbali, monga munthu amachitira ndi dzino loyamba kugwedera. Kunyumba anasesa pabwalo posesa kale, anapinda nsalu zopinda kale. Mawa lake khonsolo inayatsa moto waukulu kuposa masiku onse, ngati ikukondwerera. Manja awo anathamangira okha ku kajekete, ndipo anali akumaliza kutseka zipi pamene anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Mayi, chimenecho n'chiyani?"

Anali dokotala. Ulendo uno sanaimbe foni. Anali atatseka mphuno ndi kampango, maso akuchucha misozi chifukwa cha utsi.

"Ndi kajekete kake, adokotala. Kuti kasalowe zoipa."

"Mumakaveka liti?"

"Akamawotcha basi. Masiku enawa kamakhala momasuka."

Dokotala anakhala pansi pa sitepe, pafumbi pomwepo. Anayamba ngati akuseka, kenako anavula magalasi n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Atadzutsa nkhope analankhula motsitsa mawu.

"Mayi, kameneka kamapuma ngati munthu. Ntchito yake ndi kumeza utsiwo, n'kutiuza kuti wameza wochuluka bwanji. Kakada ndiye kuti kakugwira ntchito."

"Ine ndimaopa kuti kafa. Munati n'kobwereka."

"Ndinatero. Ndipo sindinakufotokozereni bwino. Ndinkakapeza koyera pafupi ndi mtaya, m'malo mofunsa ndinkakuyamikirani."

A Samalani anatsegula zipi mofulumira n'kuponya kajeketeko pansi. Anati palibe chovuta, ayambirenso, kuyambira lero sadzakakhudzanso, ngakhale kade ngati khala. Dokotala anapukusa mutu. Ndalama za kafukufuku zomwe zinayenera kufika kumapeto kwa chaka zinali zitasungunukira panjira chifukwa cha kukwera kwa mitengo, ndipo eni makina ankawafuna sabata yomweyo. Lero anabwera kudzamasula kabokosiko. Analonjeza kuti alembera khonsolo kuti manambala a panyumbayi ndi olakwika, ndipo adzanenanso zimenezi m'zolemba zake zonse.

"Koma ndisakunamizeni, mayi. Iwo amva kale zimene amafuna kumva."

Pamzati panatsala timabowo ta misomali. A Samalani sanagonje msanga. Anatola kajekete kaja osachapa, n'kupita nako ku ofesi ya pamwamba ija, n'kukatula patebulo la kalaliki, mwaye uli waa pamapepala. Anafotokoza zonse kuyambira pa tepi mpaka pa zipi. Kalalikiyo anakankha kajeketeko ndi cholembera.

"Mayi, inu ndi makina a ku yunivesite, timve ndani? Mubwere mwezi wamawa."

Mwezi wamawawo a Wailesi anakomoka pakhonde, ndipo anagonekedwa kuchipatala. Atatuluka, mwana uja sanapemphenso, anangouza amayi ake tsiku ndi basi yoti abambo ake akwere.

Chiyambire tsiku la dokotala lija, a Wailesi sanatchulepo nkhani ya kajekete. Munthu yemwe ankaseka chilichonse, ngakhale matenda ake omwe, pa ichi chokha anali duu. Kukhala cheteko kunkawapweteka akazi awo kuposa kukalipa. Ankalakalaka atawatukwana, kapena atawaseka, chilichonse bola amve.

Kudepoti a Samalani sanakhazikike. Anakwera m'basi kukaona mpando, anatsika kukagula madzi, anakweranso kukaona ngati mankhwala ali m'thumba la malaya, anakangana ndi kondakitala za pamene anaika chikwama. A Wailesi anali pawindo, atawonda, kolala ikuwakulira. Injini italira, a Samalani anaima pansi pa windolo n'kugwira galasi.

"Abambo, ndiuzeni chilungamo. Mwandikwiyira?"

A Wailesi anaweramira pawindo, n'kukweza chala monga ankachitira akamayamba nkhani yaitali.

"Amayi, inu mukudziwa kuti ine..."

Chifuwa chinawagwira pomwepo. Anapindika, mutu n'kubisika kuseri kwa mpando, ndipo basi inayamba kuyenda. A Samalani anaithamangira m'mbali akumenya chitsulo ndi chikhatho, akukuwa kuti dalaivala adikire pang'ono, munthu amalize mawu ake. Koma kumbuyo kunali mabasi ena akuliza mahutala. Basi inakhota pa geti a Wailesi akutsokomolabe, ndipo yankho linapita nawo.