Mizere Yoyera pa Ekisireyi

Mwana wanga woyamba anali asanakwanitse miyezi iwiri pamene anayamba kubanika. Ankayamwa pang'ono n'kusiya, thukuta lili kamukamu pamphumi, chonsecho kunja kukuzizira monga kumachitira ku Mzimba. Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinabwera kudzaphunzitsa n'kukwatiwa ku Edingeni. Apongozi anga aakazi anali atamumanga mwanayo timikanda m'chiuno, m'khosi ndi m'manja. Tinkandinyansa, koma pakhomo pa eni ndinalibe pakamwa.

Ine ndi apongozi titapita naye kuchipatala cha pa boma, anati mwina n'chibayo, ndiye anatitumiza ku ekisireyi. Wojambulayo anayang'ana chithunzi pakompyuta nthawi yaitali. Pakati pa timafupa panali mizere yoyera yopyapyala, ina yotsikira m'mimba, ina yolowera m'mikono.

"Mayi, mwanayu wavala chinachake m'katimu?" anandifunsa.

Nditamuonetsa mikanda ija, anati tiichotse kuti ajambulenso, mwina ndi imene ikusokoneza chithunzi. Mtima unakhalako pansi. Ndinawaponyera apongozi diso lakuti mwaziona zanuzi.

"Yayi, mwana wane, ungadumulanga chara," iwo anandiletsa m'Chitumbuka, kuti ndisadule poti mikandayo imamuteteza. "Vikumuvikilira."

Sindinawamvere. Ndinadula zingwe zonse ndi mano, ndipo mikanda inabalalika pasimenti. Mwana anamugonekanso ali maliseche, atangotsala ndi sokosi, akulira ndi timawu tosatuluka bwino. Ine ndinkangopemphera kuti vuto likhale mikandayo basi.

Mizere ija inatulukanso, pamalo omwe aja.

Wojambulayo anaitana dokotala. Dokotalayo anatiuza kuti imeneyo ndi mitsempha ya magazi, imene mwa khanda siyenera kuoneka pa ekisireyi. Ya mwana wanga inali itakutidwa ndi zolimba, ngati zoyera zimene zimamatirira m'ketulo, ndipo mtima unkavutika kukankha magazi. Anati nthendayi ndi yosowa kwambiri, iye anangoiwerengapo m'buku, choncho tipite ku Mzuzu akamuunike ndi sikani. Ndinafunsa ngati imachizika. Anayankha kuti tikamve kaye za sikaniyo. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Apongozi anagwada pansi n'kumuvula mwana sokosi. Pamwendo panali kachingwe kena kamene ine sindinkakadziwa. Anakadula okha, n'kukapereka kwa dokotala ndi manja awiri, poganiza kuti kotsalako ndi kamene kakusokoneza chithunzi.

"Adokotala, kangukhalako aka. Jambulaniso."