Makina Opetera Mabaji

Dzina lakuti a Chigamba anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa atangofika m'dziko muno ntchito imene ankaipeza inali yophatika zigamba kumatako kwa mathalauza basi. Anachokera kutsidya kwa malire ali mnyamata, atasenza mutu wa makina osokera m'chisaka. Anapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ka windo limodzi, ndipo momwemo ndi mmene anamerera imvi, tepi ili m'khosi, choko kukhutu.

Chaka chilichonse ankavala jekete n'kukaima pamzere ku ofesi ya alendo kuti awadindire chiphaso chokhalira m'dziko muno. Chinali cha chaka chimodzi. Munthu mpaka mano kuyamba kugwedera, chiphaso chikadali cha chaka chimodzi! Akazi awo, ochokeranso kwawo komweko, nawo zinali zomwezo. M'nyumbamo nzika inali imodzi yokha, mwana wawo wamkazi amene anabadwira konkuno. Ankamutcha Nesi, chifukwa ali wamng'ono, singano ikawabaya bambo ake, ankathamanga ndi kachidutswa ka nsalu kudzawamanga chala uku akuwakalipira. Mwanayo anakula ndi dzinalo, ndipo china chimene ankachifuna pamoyo wake panalibe.

Banjali linkadyera mayunifolomu a sukulu. Ndiye masukulu anayamba kufuna baji yopeta ndi makina pathumba la malaya, ndipo ntchito yonse inathawira kwa matelala okhala ndi makina amagetsi opetera. A Chigamba anatsala akupalasa makina awo akale, kubwerera ku zigamba zomwe zija.

Anapita kukapempha ngongole ya makina opetera kubanki kumene anakhala akusungitsa ndalama kuyambira Nesi asanabadwe. Woona za ngongole anali bambo wa tayi yofiira, ndipo suti ya ukwati wake anasoka ndi iwowa.

"Madala, inu timakudziwani," anatero wa tayiyo. "Koma ngongoleyi ndi ya zaka zisanu, chiphaso chanu chikutha chaka chino. Akakukanizani china, tidzakulondolani kuti?"

"Nanga ndalama zanga zimene mumandisungirazi, zili ndi chiphaso cha zaka zingati?"

Wa tayi anaseka mpaka kugwira tebulo. "Aaa madala, mumatha nthabwala! Si ine ayi, ndi malamulo. Paja amati mlendo ndi mame."

Mame ake ati, okhala mpaka kumera imvi osakamuka? A Chigamba anapsa mtima, koma mlendo sapsera mtima mu ofesi. Akunyamuka, wa tayi anawanong'oneza kuti, "Mulibe wachibale amene ndi nzika?"

Nesi anali atangolemba mayeso omaliza kusekondale, ndipo msinkhu wosainira unali utakwana. A Chigamba anaganiza zotenga ngongoleyo m'dzina la mwanayo. Mayi ake anakana.

"Bambo a Nesi, dzina la mwana musalisewere."

"Iwe, n'kubwereka chabe. Wobweza ndine."

Apa ndi pamene a Chigamba analakwa, ndipo analakwa ngati telala. Matelala amabwerekana simbi, sizasi, ngakhale bobini, ndipo chinthu chimabwerera kwa mwini wake chili bwinobwino. Iwo ankayesa dzina nalonso limabwerekedwa choncho. Nesi anasaina akumwetulira, n'kunena kuti, "Ababa, ndiye kuti bwana pano ndine, muzindipatsa moni m'mawa."

Makina anafika, oyera mbee, a singano zambirimbiri. Timabatani take a Chigamba sankationa bwino, ndiye Nesi ndi amene anawaphunzira, poti anali akungodikira zotsatira. Masukulu anabwerera. Tsiku lobweza likakwana, a Chigamba ankakhala oyamba pakhomo la banki, alonda asanatsegule.

Kenako uthenga unabwera kuti Nesi wasankhidwa kusukulu ya unamwino. Mayi ake analulutira mpaka a m'sitolo ya zitsulo anatuluka kudzaona. Fizi inali yoti telala sangaikwanitse, koma ana a nzika amabwereka ku bungwe la ngongole za ophunzira, ndipo Nesi anali nzika. Anapita yekha, atavala diresi limene bambo ake anamusokera.

Anabwerako masana, n'kukhala pampando wa makasitomala osavula nsapato.

"Akuti ndili kale ndi ngongole yaikulu. Akuti ndiyambe ndamaliza imeneyo."

A Chigamba anathamangira kubanki tepi ili m'khosi. Anapempha kuti ngongoleyo aisamutsire m'dzina lawo, poti amene akubweza ndi iwo, ndipo sanaphonyepo.

"Zoona, mukubweza bwino kwambiri," anatero wa tayi. "Mwanayu mukumukonzera mbiri yabwino. Koma za dzina lanu, madala, paja tinakambirana kale."

A Chigamba anati agulitse makinawo, koma makinawo ndiwo anali chikole, ndipo mtengo wa ogwiritsidwa kale ntchito sukanatseka dzenjelo. Anagogoda kwa anzawo, koma anzawo anali alendo okhaokha, a ziphaso za chaka chimodzi. Sukulu inatsegulira, malo a Nesi anapatsidwa kwa wina.

M'nyumbamo munalibe wowanyoza, ndipo chimenecho ndicho chinkawapweteka kwambiri. Akazi awo akanati angonena kuti "ndinkanena ine", mwina mtima ukanapepukako. A Chigamba ankadana ndi makina aja, ankadana ndi wa tayi, koma amene ankadana naye kwenikweni anali iwo eni. Dzina lakuti Nesi linayamba kuwakanika pakamwa, ankangoti "mwanangu".

Tsiku lina kunabwera mayi wina ndi chikwama cha mayunifolomu oyera. Anati watumidwa ndi sukulu ya unamwino, akufuna mabaji a ophunzira atsopano. A Chigamba anaimirira.

"Pepani mayi, ntchito yatichulukira. Kayeseni kwina."

"Landirani, ababa," anatero Nesi ali kumakina, osatembenuka. "Nanga ngongole yanga tibweza ndi chiyani?"

Mayi uja atapita, Nesi anatulutsa yunifolomu yoyamba. Anaiyang'ana pang'ono, n'kuiyala pamakina, thumba lili m'mwamba.

"Ababa, tandipatsirani ulusi wabuluu."

A Chigamba anamupatsira.