Dzina langa patsamba lachiwiri

Ntchito yanga ndi yolemba mabuku a malangizo, aja anthu amawatsegula pokhapokha chinthu chikawonongeka. Sindinalembedwe paliponse. Kampani ikandiitana ndimapita, ntchito ikatha ndimabwerera kukachipinda kanga ku Old Town, pamwamba pa shopu ya nsalu.

Kampani ina ya ku City Centre, yoika mapampu a madzi oyendera dzuwa m'midzi, inandipatsa ntchito yolembera makomiti a madzi buku la m'Chichewa. Ndinatha milungu ndikulondola amisiri awo ndi mafunso, mpaka wina anati ndimavuta ngati apongozi. Ndinkafuna kudziwa kuti fyuluta yosefera madzi ikatsekeka, mayi wa m'komiti ayambe wagwira pati.

Buku litatha, anaitanitsa msonkhano woti anthu alione, paloji ina ku Area 10. Pamisonkhano yotere pamayenda pepala losainira, aliyense alembe dzina ndi kumene wachokera. Ine sindinasaine, poti sindinali mlendo woitanidwa. Ndinali pakona ndi laputopu, kukonza zimene ankanena. Pomaliza, amayi oyang'anira ntchitoyo anandipatsa pepalalo nati, "Mayina awa muwaike patsamba lothokoza."

Ndinawataipa onse. Analipo bambo wina amene anafika nthawi ya nkhomaliro, kudya, kusaina, n'kumapita. Analipo dalaivala, ndipo iyeyo sindidandaula naye, anatinyamuladi. Langa lokha sindinaikepo. Ndinachita manyazi, ndinati munthu sadzitchula yekha, wina andikumbukira. Palibe anakumbukira.

Patapita miyezi, bungwe lina linkafuna wolemba, ndipo linati ndibweretse ntchito imene ndinagwirapo. Ndinanyamula buku lija monyadira. Bambo wofunsa mafunso anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, kenako lothokoza, chala chikutsika pamndandanda.

"Inuyo ndinu uti pamenepa?"

Ndinafotokoza. Iwo ankagwedeza mutu mwaulemu, ulemu uja timapatsa munthu amene sitikumukhulupirira. Ntchitoyo sindinaipeze. Mu minibasi yobwerera ndinapsa mtima, ndipo chinandiwawa kwambiri n'chakuti mndandandawo ndinaulemba ndi zala zanga zomwe.

Kampani ija itasintha mtundu wa mapampu inandiitananso kuti ndilembe buku latsopano. Ndinauza amayi aja kuti ndisanatsegule laputopu tigwirizane chinthu chimodzi: dzina langa lilembedwe patsamba lachiwiri, pansi pa mawu oti "Wolemba".

"Koma asisi, bukutu ndi la kampani," iwo anatero. "Ngakhale ineyo pachikuto sindilipo."

"Likhale lanu, sindikulanda. Ndikupempha mzere umodzi."

"Ndiye tikuikani pa othokozedwa, pamwamba penipeni."

"Pamodzi ndi aja anabwerera nkhomaliro? Ayi amayi. Iwo anadya, ine ndinalemba."

Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anati akafunsa abwana awo. Ndinadikira milungu iwiri ndi mantha, chifukwa olemba tilipo ambiri ndipo wosavuta sasowa. Masana ndinkangozungulira mu Msika wa Tsoka, kugwiragwira nsapato zimene sindinkafuna kugula, kuti ndisamayang'ane foni. Komabe mtima ndinali nditaumanga. Akakana, za fyuluta akalembe okha.

Anavomera, koma anati zilembo zake zikhale zazing'ono. Ndinati palibe vuto, bola ziwerengeke.

Msonkhano wa buku latsopanolo unachitikira paloji yomwe ija, ine pakona pomwe paja. Nkhomaliro itatha, pepala losainira linafika kwa bambo wa nkhomaliro uja, amene anali atangolowa kumene n'kudya. Anasaina, n'kundikankhira.

"Sainani mayi," anandilangiza mokoma mtima. "Mukapanda kutero sakulembani m'bukumu."

Ndinathokoza, n'kupereka pepalalo kwa wotsatira. Kenako ndinawapempha bambowo kuti achotse kapu yawo ya tiyi pabukupo, atsegule tsamba lachiwiri.