Bolodi Lokana Choko

Amuna anga anamwalira m'mwezi wa Juni, nthawi imene ku esiteti amadulira tiyi. Pofika Seputembala, pamene sukulu zimayamba chaka chatsopano, minda inali idakali yotuwa, timitengo tokhatokha kuyambira kuseri kwa nyumba za aphunzitsi mpaka ku fakitale. Ndinkaiyang'ana m'mawa uliwonse, osamva kanthu. Ndinkadya chifukwa nthawi yakudya yakwana. Ndinkasita diresi langa lakuda chifukwa mphunzitsi sayenda ndi makwinya.

Sabata yomaliza ya tchuthi, aphunzitsi aakulu anandiitana ku ofesi. Ndi bambo wofatsa, wocheperapo kwa ine, ndipo polankhula nane amayang'ana patebulo.

"Amayi, takambirana. Sitandade 1 ndi katundu wolemera. Chaka chino mupumeko, muzisunga mabuku. Kalasi ija tipatsa wina."

"Ndalephera pati, bambo?"

"Simunalephere ayi. Koma tiana tija mukutidziwa, timafuna munthu wamphamvu zake zonse. Kaganizeni, mundiyankhe Lachisanu."

Chichokereni ku koleji, sindinaphunzitsepo kalasi ina. Ndinadziwa kuti ndinayenera kukwiya, koma mkwiyowo sunabwere. Ndinawathokoza, n'kulunjika ku kalasi yanga, popeza sindinadziwe kwina kopita.

Bolodi la m'kalasimo ndi la simenti, lomata pakhoma. Chaka chikamatha limakhala litatuwa moti ana akumbuyo saona zolembedwa. Amene ankalidetsa anali malemuwo. Iwo anali kapitawo wa othyola tiyi, sanali munthu wa sukulu, koma Loweruka lililonse loti Lolemba lake tikutsegulira ankabwera ndi makala osinja ndi mtolo wa masamba a mbatata, n'kulikwecha kuchokera uku mpaka uko. Ine ndinkakhala pa desiki, nditawerama, ndikulemba masikimu. Akatha ankati, "Madamu, yesani." Ndinkalemba chilembo cha a, iwo n'kunyamula beseni lawo kumapita.

Tsikulo ndinapeza bolodi likunyezimira, m'kalasi monse mukununkha penti. Pakhomo panaima aphunzitsi a Sitandade 5, bambo wanthabwala amene ana amamukonda kuposa mmene ine ndimavomerezera.

"Mwaliona, amayi? Aphunzitsi tonse tinagwirizana kuti musavutike. Penti wamafuta weniweni, wa ku Luchenza. Likuwala ngati galimoto ya bwana manejala!"

Ndinatola choko n'kuyesa. Chinaterereka, osasiya ngakhale kamzere. Iwo anachilanda, n'kuchinyowetsa ndi malovu, n'kusindikiza mpaka chinathyoka.

"Choko cha masiku anochi n'chachabechabe," anatero.

"Bambo, bolodi si chitseko."

"Iii, ndiye tawononga? Pepani, amayi. Ifetu timati tikupepeseni, ndiye taonjezera maliro." Anadzigwira pakamwa, ataona chimene anena.

"Mwachita ndi mtima wabwino," ndinayankha. Zinali zoona, ndipo ndinazinena monga mmene ndimawerengera malamulo a sukulu pa asembule.

Ndikanatha kulisiya. Kalasiyo inali pafupi kukhala ya wina, ndipo mwini watsopanoyo akanaona chochita. Koma m'mawa mwake ndinapezeka ndanyamula mwala wotsukira mapazi ndi ndowa ya mchenga. Sindinganene kuti ndinasankha. Ndinangoona kuti pa bolodi lotere mwana sangaphunzire chilembo, ndipo zimenezo n'zosayenera.

Kupala pentiyo kunandidyera masiku. Pentiyo atachoka, ndinasinja makala n'kuthyola masamba a mbatata kudimba, ndipo pamenepo ndinazindikira kuti kasakanizidwe kake sindikukadziwa. Zaka zonsezo sindinadzutsepo mutu kuti ndione. Ndinathira madzi m'makalamo n'kupaka pabolodi, zakudazo n'kuyenderera mpaka pansi. Zitauma, bolodi linali lamawangamawanga.

Ndinakhala pa desiki, pamalo anga akale. M'kalasi munali zii, ndipo ndinakumbukira phokoso la malemuwo akamadetsa bolodi. Sikunkamveka madzi. Kunkamveka kukwecha kouma, kolemera, kenaka kupukuta pang'ono, uku akupuma mwamphamvu. Ndinataya madziwo. Ndinafinya masamba m'manja mpaka atatulutsa utomoni wake, n'kuwaviika m'makala ouma, n'kuyamba kukwecha. Phokoso lija linabwerera. Ndinkayembekeza kuti ndilira, ndipo ndinaima kaye kudikira misozi. Sinabwere, choncho ndinapitiriza mpaka kumapeto.

Lachisanu aphunzitsi aakulu sanadikire kuti ndipite ku ofesi. Anabwera okha, n'kuima pakhomo, akuyang'ana manja anga. Makala anali atalowa m'zikhadabo, ndipo sopo analephera. Pa diresi sipankaoneka kanthu.

"Amayi, mwaganiza bwanji?"

Panalibe wonena kuti ndiyese. Ndinatenga choko ndekha n'kulemba a wamkulu bwino, woti mwana wokhala kukhoma lakumbuyo amuone. Choko chinagwira.

"Ana anga ndiwalandira ndekha Lolemba. Mabuku mupatse amene anagula penti."

Anafuna kuseka, koma anadziletsa.

"Chabwino, kalasi ndi yanu. Koma inuyo muli bwino, amayi?"

"Sindikudziwa, bambo. Bolodi ndiye lili bwino."

Atachoka, ndinafufuta chilembocho, ndinatsuka beseni la malemuwo, n'kukhala pansi kuyamba masikimu a temu yoyamba.