Njovu Zimene Apongozi Sanazione

Gulupu ya pa foni ija ndinaiyambitsa ndine, chaka chimene njovu zochokera m'paki zinatidyera chimanga kawiri. Ndinkafuna kuti aliyense woona njovu kuno ku Chisemphere azichenjeza anzake msanga.

Masabata oyamba munali zii. M'mawa uliwonse ndinkalemba kuti, "Mwadzuka bwanji alimi? Fodya wafika pati?" Palibe woyankha. Ndinayamba kujambula fodya wa m'chigafa chathu n'kumafunsa dala za nkhungu, ngati sindikudziwa. Bambo wina analephera kupirira, anandiyankha. Wina anamutsutsa. Mwezi usanathe, foni inkangolira tsiku lonse.

Tsiku lina masana, tikusoka fodya, m'gulupu munalowa kanema wa njovu zambirimbiri zikuwoloka msewu wafumbi. Pansi pake panalembedwa kuti, "Zafika kudambo." Wotumiza anali apongozi anga aamuna.

Tinataya zingano. Azimayi anathamangira kusukulu kukatenga ana, azibambo anatsetserekera kudambo akugogoda zitini. Fodya wothyola kale anapserera padzuwa. Kudamboko anakapeza ng'ombe zokhazokha. Kenako mphunzitsi wina analemba kuti kanemayo ngwakale, ndiponso ngwa dziko lina.

Anthu anayamba kutuluka m'gulupu ine ndikuona: uyu watuluka, uyu watuluka. Mayi wina, amene mwana wake anagwa pothawa n'kuvulala bondo, analemba kuti, "Inu adimini, achotseni akuluwa. Apo ayi tituluka tonse."

Kuwachotsa apongozi? Ine amene sindinawayang'anepo m'maso? Amuna anga anali kumaliro ku Santhe, foni yawo yosapezeka.

Apongoziwo ndinawapeza atakhala pakhonde, foni ili pamwendo. Ndinagwada chapatali.

"Bambo, kanema uja..."

"Ndaona zimene akulemba," anatero akuyang'ana pansi. "Ananditumizira mnzanga wa ku Njombwa. Ine ndimati ndikuthandiza." Kenako anafunsa, "Ndiye mwabwera kudzandithamangitsa, apongozi?"

"Ayi bambo. Koma mukapanda kulankhula inuyo, gulupu yatha. Tsiku limene njovu zidzabweredi, sipadzakhala wouza mnzake."

Foni yanga inanjenjemera m'chitenje, ndinadziwa kuti wina watulukanso. Ndinali nditayamba kudzuka pamene anatambasula dzanja.

"Tandisonyezani pojambula mawu."

Anayamba kawiri n'kulekeza. Kachitatu mawu anatuluka, osasa: "Ndine ndakuthamangitsani pachabe lero. Njovuzo sindinazione. Pepani."

Woyamba kulemba m'gulupu anali mkulu wa mpingo, amene anati kuyambira tsopano wochenjeza azilankhula ndi mawu ake, anene pamene waima ndi chimene waona ndi maso. Anthu anavomera.

Otuluka aja ndinawayendera mmodzimmodzi panjinga, ndipo ambiri anabwerera. Mayi wa mwana uja anakana. Mpaka lero tikakumana kuchigayo amangondipatsa moni n'kuyang'ana kumbali.